Mapulani ojambulidwa ku Johannesburg: kodi umembala wa RIBA ndi SAIA ndi wokwanira kuno ku Salima?

Wakugombe:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno ku Senga Bay kukufuna kumangidwa malo ogona alendo, zipinda 12 ndi podyera. Mapulani anajambulidwa ku Johannesburg, ndipo wojambulayo analemba pansi pa dzina lake kuti ndi membala wa SAIA komanso RIBA, mabungwe a ma architect (akatswiri ojambula mapulani a nyumba) a ku South Africa ndi ku Britain. Ena akuti mapulani otere sangapite ku khonsolo popanda architect wa kuno. Ena akuti mabungwe a ma architect padziko lonse anagwirizana kale zovomerezana, ndiye palibe chovuta. Zoona ndi ziti? Nanga ngati wa kuno akufunikadi, ntchito yake n'kungodinda basi?

Kampasi:

Achimwene, apa pasakanizika zinthu ziwiri. Pali mabungwe a umembala, palinso mabungwe amene lamulo linawapatsa mphamvu yosunga kaundula. SAIA ndi RIBA ndi a umembala. Zilembozo zikusonyeza kuti munthuyo anaphunzira bwino, koma si chilolezo. Ku South Africa chilolezo chimachokera ku SACAP, motsatira lamulo lawo la 2000. Ku Britain kaundula ali ndi ARB, osati RIBA. Kwathu kunonso n'chimodzimodzi: Malawi Institute of Architects ndi ya umembala, pomwe kaundula ali m'manja mwa Board of Architects and Quantity Surveyors. Choyamba mupemphe wojambulayo nambala yake ya SACAP ndi gulu limene analembedwamo, chifukwa kumeneko amalemba magulu anayi, kuyambira professional architect mpaka draughtsperson, ndipo kulembetsako kumakonzedwanso zaka 5 zilizonse.

Za mgwirizano zimene mwamvazo zilipodi, kungoti anthu amazikulitsa. UIA, bungwe la ma architect a dziko lonse, inayamba mu 1948 ku Lausanne. La mayiko a Commonwealth, CAA, linayamba mu 1965, ndipo la Africa, AUA, mu 1981 ku Lagos. Mu 1999 ku Beijing, UIA inavomereza mfundo zolangiza kuti architect aziphunzira zaka 5 pasukulu, kenako zaka zosachepera 2 akugwira ntchito moyang'aniridwa. Amenewa ndi malangizo, sakakamiza boma lililonse. Pangano la Canberra la 2008, limene CAA ilimo ndipo SACAP inalowamo mu 2017, ndi la mabungwe oyendera sukulu. Limangonena kuti digiri ya uku ndi ya uko n'zofanana kulemera. Limathera pamenepo.

Pangano lotsegula khomo la ntchito limakhala pakati pa osunga kaundula okhaokha, monga lija ARB inasainirana ndi NCARB ya ku America mu 2023, ndipo limathandiza anthu a mayiko amene asainawo. Komanso UIA yomweyo imanena kuti architect amene akugwira ntchito m'dziko limene sanalembetse agwirizane ndi architect wa m'dzikolo. Ndiye amene anakuuzani kuti wa kuno akufunika sananame.

MayiWaMiyeso:

A Kampasi alongosola bwino za mabungwe. Ine ndiyankhe zija za kudinda, chifukwa ndi pamene ndalama zimatayikira. Wodinda ndiye amasenza mlandu wa pulaniyo. Amene angavomere kudinda asanaponde pamalopo, musamukhulupirire, ndipo iyeyo akuika dzina lake pachiswe. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma mchenga wa ku Senga Bay sakuudziwa.

Taonani zimene zimafunika kusintha pa pulani yochokera ku Johannesburg. Makoma awo amawerengera njerwa ya 222 x 106 x 73 mm. Inu mukamanga ndi mabuloko a simenti a 400 mm m'litali, okhuthala 150 kapena 200 mm, miyeso ya zipinda, mipata ya zitseko ndi ya mawindo imasuntha yonse. Mukapanda kujambulanso, amisiri amangodula mabuloko pamalopo, mafelemu amene munaoda kale n'kukana kulowa. Mawu a pambali pa pulani amalozera ku SANS 10400, omwe ndi malamulo a zomangamanga a kwawo. Ngakhale masoketi a magetsi, awo ndi a mapini ozungulira, athu ndi a mapini amakona ngati a ku Britain.

Nyengo nayo ndi ina. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumazizira kwambiri mu June ndi July, n'chifukwa chake amakonda magalasi akuluakulu okola dzuwa. Ife tili m'mphepete mwa nyanja, pafupifupi mamita 500, ndipo chimene tikulimbana nacho ndi kutentha kwa October ndi November. Nyanja ili chakum'mawa, aliyense amafuna galasi loyang'ana kumeneko, koma popanda khonde lalikulu chipinda chimakhala chitatentha kale pofika 8 koloko m'mawa. Pamafunikanso mawindo mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, ndi denga lomangiriridwa bwino ku khoma chifukwa cha mwera.

Pansi ndiye pofunika maso kwambiri. Mukumbe maenje oyesera dothi, makamaka kumapeto kwa dzinja pamene madzi a pansi ali pamwamba, injiniya aone asanajambule maziko. Thanki ya zimbudzi ndi dzenje lomwetsera madzi oipa zikakhala pafupi ndi madzi a pansi, zonyansa zimabwerera kapena kutsikira kunyanja. Malire a pamene nyanja inafika itasefukira mu 2024 aikidwe pa mapu a malowo, musadalire pamene madzi ali lero. Musaiwalenso kuti Salima inagwedezeka ndi chivomezi mu March 1989. Tili m'chigwa chimene zivomezi zimachitika, kotero ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo pamwamba pa makoma) yozungulira nyumba yonse ndi zitsulo za m'makona si zinthu zochotsa pofuna kupulumutsa ndalama.

Polemba mgwirizano wa architect wakunjayo ndi wa kuno, zinthu izi zikhale papepala: ndani akujambula gawo liti, ndani akupereka mapulani ku khonsolo, ndani aziyendera ntchito ndipo kangati, ndalama akugawana bwanji, komanso ngati inshuwalansi ya wakunjayo imafika pa ntchito ya ku Malawi. Wa kuno apatsidwe mafayilo otheka kusintha monga DWG, osati PDF yokha, ndi kalata yomulola kusintha, poti umwini wa pulani umakhalabe wa amene anaijambula.

Wakugombe:

Zikomo kwambiri nonse, maso atseguka. Nanga wojambulayo atafuna kulembetsa yekha kuno, ayambira pati?

Kampasi:

Alembere Board yosunga kaundula ija mwachindunji, osadutsa mwa munthu wina. Akonzeretu makope otsimikizidwa a digiri ndi ndandanda ya maphunziro amene anachita, kalata yochokera ku SACAP yosonyeza kuti kulembetsa kwake kuli moyo ndipo alibe mlandu, ndi mbiri ya nyumba zimene wagwirapo. Za kulemera kwa digiri yakunja, amene amaunika kuno ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Apa ndi pamene mapangano aja amathandiza: digiri ya kusukulu imene inayenderedwa ndi bungwe lodziwika sivuta kuiyerekeza. Chilolezo cha ku Immigration chogwirira ntchito m'dziko muno ndi nkhani yapayokha, kulembetsa ku Board sikulowa m'malo mwake.

Kwa ntchito imodzi ya zipinda 12, ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi yaitali popanda phindu lenileni. Ngakhale atalembetsa, sangamakwere ndege sabata iliyonse kudzaona zitsulo konkire isanathiridwe. Architect wa ku Lilongwe amafika ku Senga Bay ndi kubwerera tsiku lomwelo.

MayiWaMiyeso:

Kungowonjezera pang'ono. Chidindo cha architect sichikwirira mapulani a zitsulo ndi maziko. Amenewo asaine injiniya wolembetsedwa kuno. Poti malowo ali m'mphepete mwa nyanja, mufunsenso a MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe, msanga ngati pakufunika kafukufuku wa zachilengedwe, pulani isanamalizidwe, chifukwa akadzati nyumba ibwerere mmbuyo, njira za madzi, malo a thanki ndi msinkhu wa maziko zonse zidzafunika kujambulanso.