Thandizeni: CNC 3018 ikusiya mzere podula aluminiyamu

Moni nonse akuluakulu a m'gulu muno. Ndathedwa nzeru ndi kamakina kanga ka CNC 3018 (kodula ndi kusema zinthu molamulidwa ndi kompyuta), koyendera pulogalamu ya GRBL 1.1, mota ya 775 ndi collet (chogwirira kachitsulo kodulira) ya ER11.

Pa thabwa kamadula mwaukhondo. Koma ndikaika aluminiyamu ya 6061 yokhuthala 3 mm, kamayamba bwinobwino, kenako kulira kumasintha, kumvekere gwe-gwe-gwe, basi mbali ya Y (yoyenda kutsogolo ndi kumbuyo) yasuntha pa mzere wake. Bowo lozungulira limatuluka ngati dzira. Ndikachotsa end mill (kachitsulo kodulira) ya 3.175 mm ya mano awiri, ndimapeza aluminiyamu itamatirira m'mizere yake, yosachoka ndi chikhadabo.

Ndamanga kale timasikuluwu ta pa coupler (cholumikiza mota ndi chitsulo choyendetsa makina), ndatsitsa feed (liwiro loyendera podula) kufika 100 mm pa mphindi, kuzama 0.1 mm, ndachepetsa $121 (setingi ya GRBL ya kufulumira kwa mbali ya Y ponyamuka), ndasinthanso chingwe cha USB. Kudonthezera palafini kwathandizako pang'ono chabe. Pamanja, spindle (mota yozungulitsa end mill) imagwedera ndikaikankha cham'mbali, ndipo pamenepo ndi pomwe ndikukayikira kwambiri.

Kodi vuto ndi end mill, ndigule ya dzino limodzi? Kapena ndikweze Vref (yoonjezera mphamvu ya magetsi opita ku mota) pa driver ya A4988, kachipangizo koyendetsa mota ya Y? Amene munadulapo aluminiyamu pa kamakina aka, mumaika feed ndi kuzama kotani? Chonde ndithandizeni.