Zija ndinafunsa za chakudya cha Shabbat ku Hillel, ndapitako

Abale zikomo kwambiri nonse munandiyankha. Paja ndinafunsa kuti mnzanga wachiyuda yemwe timagona naye room imodzi kuno ku America wandiitanira ku chakudya cha Lachisanu madzulo choyambira Shabbat (Sabata la Ayuda) ku Hillel, bungwe la ma student achiyuda pa campus, ndiye ine Mkhristu ndivale chani komanso nditenge chani.

Ndinatsatira achimwene aja anati mandasi anga ndiwasiye, chakudya chophika kunyumba sichilowa m'khitchini ya kosher (yotsatira malamulo achiyuda a zakudya). Ndinangogula grape juice wa chizindikiro cha OU pa botolo (chosonyeza kuti ndi kosher) basi. Zovala ndinavala ngati za ku tchalitchi, koma ena anali mu jeans ndiye musadandaule nazo.

Anayatsa makandulo dzuwa lisanalowe, kenako mapemphero oyimba m'Chiheberi, ine ndimangotsatira m'buku. Atadalitsa vinyo tinakasamba m'manja ndi kapu ya zogwirira ziwiri, ndipo apa mumve bwino, mukasamba simuyankhula mpaka adalitse buledi woluka uja amati challah nkudyako kachidutswa, ndiye munthu akangokugwedezerani mutu osayankha si mwano ayi. Ndiwo inali nkhuku, butter kapena mkaka panalibe chifukwa nyama ndi mkaka saphatikiza.

Foni ikani m'thumba, ena saigwira mpaka Loweruka usiku. Osalipira kanthu koma timalembetsa dzina pasadakhale. Palibe anandikakamiza zachipembedzo, m'malo mwake amangondifunsa za nsima. Mnzangayo akuti ku Chabad, bungwe lina lachiyuda kumene kuli rabbi wa Orthodox (wotsatira kwambiri malamulo achiyuda), amayi musayambe ndinu kupereka dzanja kwa abambo, sabata yamawa tikupita kumeneko.