Kudya ku Gold Reef City ndi banja lonse, tipange bwanji?

Mayi_a_Tadala:
Moni nonse a ku Joni kuno. Apongozi anga afika sabata yatha kuchokera ku Blantyre ndi mlamu wanga, anakwera basi pa Wenela paja mpaka Park Station miyendo kuchita kutupa, ndiye pano apumako tikufuna Loweruka likubwerali tikawayendetse ku Gold Reef City, malo osangalalira aja okhala ndi ma ride, ndi ana. Tikhala anthu 7, akuluakulu 4 ana 3. Ife timakhala ku Rosettenville pafupi pomwepa koma chibwerereni sitinalowemo, timangoona chiwilo chachikulu chija tikamadutsa pa M1. Nkhawa yanga ndi chakudya. Tikadye mu lesitilanti ya mkati momwemo kapena tipirire tidzadye potuluka? Komanso apongozi angawa burger samaiwerengera kuti ndi chakudya, olo muwagulire pizza yaikulu bwanji madzulo amafunsabe kuti kodi lero sitidya? Ndaika R1500 ya chakudya chokha, ikwana?

Bambo_a_Chiko:
Achemwali, musanafunse koti mukadye yambani mwafunsa nthawi yoti mukadye, ine ndinaphunzira mowawa kkkk. Tinapita Disembala wathayu, titangolowa ana akuti njala njala, ine kufuna kuoneka bambo wabwino ndinawakhazika pansi nkuwagulira matchipisi, nkhuku, milkshake aliyense yake, kenako wamkuluyo wazaka 13 akuti adadi tiyeni pa Anaconda. Ija miyendo imalendewera m'malere njanji ili pamwamba pa mutu, nkumakutembenuzani chadodolido kangapo. Mnyamata anatsika nkhope itatuwa, anayenda masitepe mwina asanu basi milkshake yense anabwerera pa nsapato zanga zatsopano. Ndalama kutayika, nsapato kununkha sitiroberi tsiku lonse, mayi ake kundiseka mpaka kunyumba.

Ndiye ine ndikuti dyani bwinobwino kunyumba m'mawa, phala, mazira, mbatata ngati ilipo, mufike akungotsegula muyambe ndi zoopsazo, Tower of Terror, Golden Loop, Anaconda, mimba isanalemere komanso mizere isanatalike. Chakudya chenicheni chibwere cha m'ma 2 koloko. Nthawi ya 12 mpaka 1 aliyense amathamangira kukadya, tebulo la anthu 7 mulipeza movutikira. Chinanso mukudziwa mvula ya kuno nyengo ino imakonda masana ndi ziphaliwali zake, ikayamba muli kale patebulo simudandaula.

Che_Mayfair:
R1500 anthu 7 patebulo la weta ndi yothina asisi, osanamizana. Malo osangalalira kulikonse zinthu zimakhala zokwererapo, ndipo chimene chimapha bajeti si mbale yaikulu ayi, ndi tizinthu tating'onoting'ono, kadrink apa, ayisikilimu apo, mwana waona popcorn wayamba kulira. Musaiwalenso tip, kuno ndi 10% mwachizolowezi, ndipo magulu akuluakulu malo ena amaiphatikiza kale pa bilu ndiye muziwerenga kaye musanawonjezere ina. Amalume anga atabwera anadabwa kuti tikumulipiriranji munthu poti ali pa ntchito kale.

Ife pakhomo timadya za halaal zokha ndiye sitivutika nkuganiza, mkatimo timangogula madzi ndi zozizilitsa kukhosi, tikatuluka timalunjika ku Fordsburg, si patali, biriyani mbale ziwiri zazikulu banja lonse kukhuta mpaka kutsala ya mawa. Za kulowa ndi chakudya chanu onani kaye malamulo pa website yawo musanadzuke 4 koloko kukazinga nkhuku.

Nachisale:
Ine ndiye ndikutsutsako pang'ono. Zopirira mpaka potuluka ndi za achinyamata, apa pali munthu wamkulu amene wayenda ulendo wonse uja kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, inu nkumuyendetsa padzuwa tsiku lonse ndi botolo la madzi? Akabwerera kumudzi akanena kuti mpongozi wanga anandionetsa zitsulo zozungulira koma njala inandipha. Akhazikeni patebulo, weta awabweretsere, ndi zimene azikakamba pa chitsime kuposa ma ride amene sakwera nkomwe.

Mayi anga nditawatenga ndinapanga chonchi, ana ndinawagulira za pa kawunta zogawana, pizza imodzi ndi matchipisi, koma iwowo ndinayang'ana menyu pakhomo kaye mpaka ndinapeza pamene pali pap ndi nyama yootcha ndi chakalaka. Anafunsa madzi osamba m'manja, weta anabwera ndi tikapepala tonyowa tija, iwo anangotiyang'ana nkudzuka kukasamba pa mpopi ku bafa. Atabwera foloko anaikankhira pambali, kutema pap, kuipotokola m'dzanja nkunena kuti nsima yake ndi yosakhwima mwina wophika anali pa changu, koma mbale inayera ndithu mpaka fupa analiphwanya.

Chinanso musawasiye pa benchi akulondera zikwama tsiku lonse. Malo aja anamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, ndipo nyumba zake anazikonza ngati Johannesburg yakale ya nthawi imene golide anapezeka mu 1886. Mayi anga bambo awo anabwera kuno pa Wenela, bungwe lija linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi, anasiya mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown nkupha amuna ambiri akwathu, Kamuzu nkuletsa zotenga anthu. Ataona chitsulo chachitali cha pamwamba pa mgodi chija anangokhala chete, kenako patebulo paja ndi pomwe anayamba kutiuza za sutikesi imene agogo anabwera nayo, bulangete, wailesi ndi chifuwa chimene sichinathe. Ineyo nkhani imeneyo ndinali ndisanaimvepo. Apartheid Museum ili pompo pafupi koma imeneyo ndi ya tsiku lake, ndi ana otopa musayerekeze.

Bambo_a_Chiko:
A Nachisale mwanena zoona, koma musawapatse pap kenako nkuwakweza Tower of Terror chonde kkkkk. Ndinaiwala, ana amawayeza msinkhu pa ma ride akuluakulu, wamng'ono akakanizidwa muzakhala mukumutonthoza ndi ayisikilimu, imeneyonso ilowe mu bajeti.

Mayi_a_Tadala:
Zikomo nonse abale. Ndawawerengera bambo a Tadala akuti awonjezera R500 koma drink aliyense imodzi basi, kwinako madzi. Tidya phala m'mawa, tebulo la 2 koloko, Fordsburg tidzapita tsiku lina Che_Mayfair. A Nachisale nkhani ya mgodiyo ndawauza apongozi, ndiye akuti achimwene awo aakulu anagwiranso ku migodi kuno ndipo sanabwerere, anatchona, ndiye akufuna akaone. Koma anenetsa kuti ndiwo za madzulo ndisiye nditaphikiratu, usipa umene abwera nawo uja, nsima adzaphika okha tikabwerako.