Ndingatani kuti nthambi za forsythia ndi cherry zimasule maluwa m'nyumba nyengo yake isanakwane?

Moni nonse pagulu pano, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku Britain ndipo mumasamalira maluwa. Ine ndimakhala ku Leeds, ndipo kuseri kwa nyumba imene ndikuchita lendi kuli chitsamba cha forsythia, chija chimachita maluwa achikasu mu Malichi masamba asanatuluke, komanso kamtengo ka cherry. Mayi anga anabwera kuchokera ku Dedza mu Disembala kudzandithandiza kulera khanda, ndipo abwerera kumapeto kwa Febuluwale. M'mawa uliwonse amaima pawindo la kukhitchini, khanda lili kumsana, n'kumayang'ana mitengo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo sakukhulupirira kuti mitengoyo ili moyo. Ndikufunitsitsa kuti aone maluwa ake ndi maso awo asananyamuke.

Ndinayesapo kale, koma zinakanika. Ndinadula nthambi kumayambiriro kwa Novembala n'kuziika m'botolo la madzi pawindo, pamwamba penipeni pa rediyeta, chitsulo chija chotenthetsa m'nyumba. Patatha masabata awiri timphukira tonse tinauma, moti ndikatikhudza tinkayoyoka ngati gaga, ndipo madzi anayamba kununkha. Tsopano tili pakati pa Januwale. Kodi ndidule liti, ndisankhe nthambi zotani, ndipo nthawi yatsalayi ikwana?

Yankho la mayi wina wa ku Nottingham:

Achemwali, munafulumira kudula. Mitengo imeneyi imagona nthawi yachisanu, ndipo siidzuka isanalandire kuzizira kokwanira, kwa masabata 6 mpaka 8 pamene kunja sikukupitirira madigiri 7. Afunseni mayi za mapichesi a ku Dedza, amene amamasula maluwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukadutsa. Nkhani yake ndi yomweyo. Panopa forsythia yakonzeka. Sankhani nthambi za timphukira tonenepa, tozungulira, chifukwa towonda tosongoka ndi ta masamba. Dulani mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa tsiku limene kunja sikunaundane, chotsani timphukira tonse tomwe tingamire m'madzi, ndipo muziike m'madzi ofunda pang'ono. Zikhale m'chipinda chozizirirapo, cha madigiri 15 mpaka 18, kutali ndi rediyeta ndi dzuwa lowomba mwachindunji, ndipo madzi muzisintha masiku awiri kapena atatu alionse. Forsythia imamasula pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu, pamene cherry imachedwerapo, nthawi zina mpaka mwezi wathunthu.

Yankho la bambo wina wa ku Glasgow:

Mayi, ndikugwirizana ndi zimene zanenedwazi, koma pa cherry samalani. Mtengo umenewu suyenera kudulidwadulidwa nthawi yachisanu, chifukwa pabalapo pamalowa matenda otchedwa silver leaf amene amatha kuumitsa nthambi zikuluzikulu. Tengani tinthambi tiwiri tating'ono basi, poti mtengowo ndi wa eni nyumba. Ku Germany anthu amadula nthambi za cherry pa 4 Disembala, tsiku la Barbara Woyera, kuti zimasule pa Khrisimasi, choncho n'zotheka ndithu. Funso langa ndi lakuti, kodi forsythia yanuyo inasadzidwa liti? Maluwa ake amatuluka panthambi zimene zinakula chaka chatha, ndiye ngati wina anaimeta mochedwa, timphukira tambiri ta maluwa tinapita pomwepo.

Yankho la wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Bambo, mwakhudza penipeni, chifukwa munthu amene eni nyumba amamutuma anameta chitsambacho mu Okutobala. Ndapita ndi mayi kukachiyang'ana masana ano, ndipo kumbali ya mpanda, kumene makina sanafike, tapeza nthambi zisanu zazitali zodzaza timphukira tonenepa. Kodi ndidule zonse zisanu Loweruka lino, kapena ndiyambe ndi zitatu n'kusunga ziwiri kuti ndidzadule pakatha masabata awiri, kuopa kuti zoyambazo zingafote mayi asananyamuke?