Kodi ndimulande foni mwana wanga wa Fomu 3?

Nachisale wa ku Chilomoni:

Makolo anzanga ndi aphunzitsi, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 16 ndipo ali mu Fomu 3 pasukulu ina yoyendera. Pa Khirisimasi yapitayi malume ake, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anamubweretsera foni yamakono, ndipo ine ndinalandira mphatsoyo ndi manja awiri poganiza kuti imuthandiza pa maphunziro. Zotsatira za teremu yachiwiri zitatuluka, ndinapeza kuti walephera masamu, phunziro limene sanalepherepo chiyambire sukulu.

Usiku wina ndinadzuka cha m'ma 1 koloko kuti ndikamwe madzi, ndipo ndikudutsa pakhomo la chipinda chake ndinaona kuwala kukutuluka pansi pa bulangeti. Ndinaima pomwepo kwa kanthawi, koma iye sanandimve n'komwe. M'mawa amadzuka maso ali psuu, amamwa tiyi ali chiimire, ndipo ndamva kwa mlongo wake kuti masiku ena amayenda wapansi kupita kusukulu, pomwe ndalama ya minibasi ndimampatsa tsiku lililonse.

Bambo ake akuti foniyo tiibweze kwa mwini wake. Ine ndikukayika, chifukwa aphunzitsi ena amatumiza notsi ndi ntchito pagulu la WhatsApp la kalasi yawo, ndipo ndikuopa kuti tikamulanda atsalira pambuyo anzake. Inu amene munadutsamo kale, munachita bwanji?

Mphunzitsi wa ku Mchinji:

Mayi Nachisale, ndaphunzitsa ana a msinkhu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo ndikalowa m'kalasi m'mawa ndimatha kuloza amene anagona ndi foni popanda kuwafunsa. Mwana wa zaka 16 amafunika kugona maola osachepera 8. Akagona 2 koloko n'kudzuka 5 koloko, phunziro loyamba kugwa limakhala masamu, chifukwa masamu amamangidwa ngati nyumba: mwana akasinza pa tsiku la maziko, zonse zimene tiike pamwamba pake m'milungu yotsatira sizikhala ndi pogwira. Mbiri yakale kapena Chichewa angathe kuwerenga yekha n'kupeza anzake, koma masamu salola zimenezo.

Pali vuto lina limene makolo ambiri saliona. Mukukumbukira kuti mu November 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE mapepala atafala m'mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu January 2021. Ngakhale zinatha choncho, mpaka lero pali ophunzira amene amakhulupirira kuti likasa lidzawapeza pafoni usiku woti mawa alemba. Ana oterewa amaleka kuwerenga, ndipo ena amatumiza ndalama kwa anthu osawadziwa amene amawalonjeza mafunso a MANEB. Chimene amalandira ndi mapepala a zaka zam'mbuyo osinthidwa chaka pamwamba, kapena salandira kanthu.

Komabe sindikugwirizana ndi bambo a kunyumbako kuti foni ibwezedwe. Pasukulu pathu buku limodzi la sayansi limawerengedwa ndi ana angapo mosinthana, ndipo mwana amene ali ndi mapepala akale a mayeso m'foni mwake amakhala patsogolo pa anzake. Chimene ndimauza makolo n'chakuti foni izigona kuchipinda kwa makolo. Ikakwana 8 koloko usiku azikupatsani, ndipo azitenga akabwera kusukulu atamaliza ntchito zapakhomo. Za gulu la WhatsApp musade nazo nkhawa kwambiri, pakuti palibe mphunzitsi wanzeru amene amatumiza ntchito pakati pa usiku n'kuifuna m'mawa mwake. Mukhozanso kupempha kuti nambala yanu ndiyo iikidwe pagulupo.

Ejenti wa pa msika:

Aphunzitsi anena zoona pa nkhani ya tulo, koma ine mawu amene andigwira ndi a ndalama ya minibasi. Ndimagwira ntchito yotumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni, ndipo benchi langa lili pamsewu umene ana asukulu amadutsa. Ikakwana nthawi yoweruka, anyamata ovala yunifolomu amabwera ndi timapepala ta ndalama topindapinda, tonyowa ndi thukuta la m'manja, n'kunena kuti ndiwaikire mu foni. Sachoka patali. Amakhala pansi pa mtengo anayi kapena asanu, mitu itagundana pa foni imodzi, kuyang'ana kandege ka masewera a juga ya pafoni kakukwera, ndipo pakangopita mphindi zochepa mumamva wina akudziguguda pachifuwa kuti akanatsika msanga. Loweruka ndi Lamlungu amabetcha pa mpira wa ku England.

Mayi, sindikunena kuti mwana wanu akutchova juga, chifukwa n'kutheka kuti ndalamayo akungogulira bandulo. Koma musangoganizira, fufuzani. Ndalama iliyonse yolowa kapena kutuluka mu Airtel Money kapena Mpamba imasiya uthenga, ndipo ngati mauthenga onse otere afufutidwa m'foni mwake, chimenecho pachokha chikuuzani kanthu. Funsaninso kuti simukhadiyo inalembetsedwa m'dzina la ndani. Kuyambira 2018 nambala iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndipo chiphaso cha unzika munthu amatenga akafika zaka 16, pomwe malamulo salola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha. Ana amadziwa kuzemba zimenezi pogwiritsa ntchito nambala za akulu awo kapena za anzawo. Ndimawakana amene ndawazindikira, koma ndikawakana amangowoloka msewu kupita kwa ejenti wina.

Choopsa pa juga ya pafoni n'chakuti ilibe nyumba yoti mnansi angamuone mwana akulowamo n'kudzakutsinani khutu. Imachitikira pamphasa yomweyo imene mwanayo amagonapo.

Wophunzira wa ku Zomba:

Amayi, ndiloleni ndilankhule ngati mmodzi wa achinyamata amene akukambidwa pano, popeza nthawi zambiri nkhanizi zimagamulidwa ife kulibe. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha COVID-19, ine ndinali mu Fomu 3 ngati mwana wanuyo. Chimene chinandisunga pa maphunziro miyezi yonseyo ndi foni yosweka galasi ya achimwene anga, imene ndinkabwereka madzulo n'kumakopera notsi mu kope. Ndikanapanda foniyo, sindikukhulupirira kuti ndikanafika ku koleji.

Ndinaonanso mbali inayo ndi maso anga. Mnzanga wina wamkazi makolo ake anamulanda foni mwaukali, n'kuiphwanya iye akuona. Pasanathe mwezi anali ndi ina, yabwino kuposa yoyamba, imene ankaibisa m'thumba la ufa. Anamugulira ndi chidyamakanda china, ndipo mtengo umene mnzangayo analipira pa foni imeneyo sunali wa ndalama. Anasiya sukulu chaka chomwecho. Kwa mnyamata njira zake zimakhala zina, monga kuba pakhomo kapena kukongola kwa anzake, koma mfundo ndi yomweyo: mwana amene walawa foni sabwerera kukhala ngati sanaidziwe, amangophunzira kubisa.

Ndikusiyana pang'ono ndi a ejenti pa kafufuzidwe. Musatenge foniyo iye ali kubafa n'kumawerenga mauthenga ake mwakabisira, chifukwa akadzazindikira sadzakuuzaninso kanthu. Muitaneni, mukhale naye pansi, atsegule yekha inu mukuona. Popeza mwatchula mlongo wake, muwauzenso onse awiri kuti chithunzi chikachoka m'foni sichibwerera. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa makinawa, ndiponso kufalitsa zithunzi zolaula za ana, koma mwana amene akuopsezedwa ndi zithunzi zake amaopa makolo ake kuposa womuopsezayo. Ngati sangathe kulankhula nanu, adziwe kuti nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza ana.

Ndiwonjezere chimodzi mwaulemu. Lamulo loti foni izigona kuchipinda kwa makolo limavuta kulilemekeza ngati mwana akumva mavidiyo a TikTok akulira kuchipinda komweko mpaka pakati pa usiku.

Nachisale wa ku Chilomoni:

Zikomo nonse. Mwanawe wa ku Zomba, mawu ako omalizawo andilasa, pakuti ndine amene ndimagona mochedwa ndi Facebook pakhomo pano, ndipo bambo ake anaseka nditawawerengera.

Dzulo madzulo titadya nsima tinamuitana, ndipo ndinamupempha kuti atsegule mauthenga a ndalama. Anakhala chete nthawi yaitali akukanda tebulo ndi chikhadabo, kenako anatsegula. A ejenti, munalondola. Si zambiri pa tsiku, koma ndi pafupifupi tsiku lililonse kuyambira mu February, ndipo akuti ali ndi ngongole kwa mnzake wa m'kalasi, imene wakhala akuyesa kuibweza pobetchanso. Nambala imene amagwiritsa ntchito ndi ya msuweni wake wamkulu, ndipo nkhani imeneyo bambo ake akaikamba okha ndi achibale Loweruka.

Foni sitinaibweze. Usiku wathawu mafoni onse atatu, yake, yanga ndi ya bambo ake, anagona m'kabati ya pabalaza. Ndalama ya minibasi ndaganiza zoti ndizilipiriratu kwa wakabaza amene timamudziwa, kuti isamadutse m'manja mwake mpaka teremu ithe. Chimene sitinagwirizanebe ndi ngongole ija: ine ndikufuna ndiibweze kuti asakhale ndi chifukwa chobwerera ku kandege, pomwe bambo ake akuti aigwirire ganyu yekha patchuthi. Aphunzitsi, inu mukadakhala pamalo pathu mukadasankha chiti?