Buku la wophika wodyetsa anthu pangozi: ndimuwerengere mwanayu kapena ndidikire?

Make Tada:
Anzanga, ndigawireni nzeru. Achemwali anga a ku Leeds atitumizira buku la zithunzi la ana lonena za José Andrés, wophika wa ku Spain amene anayambitsa World Central Kitchen, bungwe lophikira anthu chakudya pangozi, mu 2010, chivomezi chitasakaza Haiti. Zithunzi zake n'zokongola zedi, koma muli masamba a namondwe ndi nyumba zosasuka madenga. Ifeyo Freddy anatipeza ku Chilobwe mu Malichi 2023, tinagona m'kalasi masabata atatu. Mwana wanga anali ndi zaka 4, ndipo mpaka lero mvula ikangogunda malata amadzandigwira chitenje. Bukuli ndalibisa m'sutikesi. Kodi limutonthoza, kapena ndikanda bala lomwe layamba kupola?

Aphunzitsi a Sitandade 2:
Muwerengereni mayi, koma muyambire pa moto. Bamboyu amakonda kusimba kuti ali mwana ankafunitsitsa kuphika paella, mpunga wa kwawo wa m'chiwaya chachikulu, koma atate ake ankangomutuma kutola nkhuni ndi kusonkheza moto. Iye ankanyinyirika. Ndi mwana uti wa kuno amene sanatumidweko kukoleza mbaula? Akamuzolowera munthuyo, masamba a namondwe sakhalanso oopsa kwambiri.

Che Bwanali_Tete:
Anthu a bungwe lakelo anafikanso ku Beira, ku Mozambique, mu 2019, namondwe Idai atadutsa. Muuzeni mwanayo kuti miphika imeneyo inatereka pafupi nafe pompano. Ku Puerto Rico, pambuyo pa namondwe Maria mu 2017, anagawa chakudya mbale zoposa 3 miliyoni.

Agogo a kuchigwa:
Ine ndikuti musathamange, mwanawe. Dikirani chilimwe, ndipo kukhale masana, iye ali pamiyendo panu. Akafuna kudumpha tsamba mulekeni adumphe, asakakamizidwe ayi.

China chikundivuta. Mwanayo asadzaganize kuti wodyetsa anthu pamavuto ndi mlendo yekha wotsika m'ndege. Kumsasa kwanu kuja ankavundula phala m'mamawa ndani? Si amayi omwe nawonso katundu wawo anapita ndi madzi? Ngakhale José yemweyo amavomereza kuti ku Haiti azimayi a kumsasa anamuwongolera kaphikidwe ka nyemba zakuda. Iye anaphika mwa kwawo, iwo anamuonetsa kuti zisinjidwe mpaka zikhale msuzi wosalala wothira pampunga, ndipo anamvera. Pamenepo ndi pamene ndimamulemekezera munthuyu.

Make Tada:
Agogo, mwandikumbutsa mayi wina amene ankatiphikira likuni phala mumgolo wodula pakati, mwana ali kumsana. Tada ankamutchula kuti “anti a chipande”. Ndidikira mvula ithe. Tikadzatsegula bukuli ndidzayamba ndamufunsa ngati akuwakumbukira.