Magalagadeya anga a m'ndowa akungoyoyola maluwa, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale anga, ndimakhala ku Mufakose mu Harare, ndimachita lendi chipinda chakuseri. Eni nyumba anandikaniza kukumba pabwalo, akuti ponse ndi pa ndiwo zawo, ndiye ndinadzala magalagadeya m'ndowa. Njere ndinachotsa m'zipatso zomwe ndinagula ku msika wa Mbare Musika mu Novembala chaka chatha. Ndinasiya mtengo umodzi, wayanga pawaya mpaka kudenga. Koma tsopano masamba a m'munsi akuchita chikasu, duwa likatuluka lero mawa lagwa, chipatso ngakhale chimodzi. Madzi kuno sabwera m'mipopi, ndimadzuka 4 koloko kukaima pamzere ku mjigo. Mnzanga wa chipinda chinacho amakhuthula madzi ochapira paliponse, ndikamulankhula akuti ndimadzimva. Abambo akunyumba nawonso akufuna ndowayo. Malemu mayi anga anali nawo kwathu ku Thyolo, sindikufuna kuti aume. Nditani?

Bambo Mbewe: Magalagadeya m'ndowa? Mayi, chimenecho ndi chomera cha pansi, mizu yake imafuna kuyenda. Ku Thyolo komweko munaonako ndani akudzala m'ndowa? Mukuchizunza basi.

NaPhiri wa ku Highfield: Ndowayo ndi ya malita angati, ndipo munaboola pansi? Madzi akamadikha mizu imawola, masamba n'kuchita chikasu. Ya malita 20 imachepa, pezani diramu yodula pakati.

Mai a Tadala: Ine anga anapsa ndi chisanu cha mu Julayi, usiku umodzi wokha. Zaka 2 ndikuthirira! Mpaka lero mtima umandipweteka.

Bambo Mbewe: Mwamva? Harare si Mulanje. Tizigula malo kwathu, osati kumalimbana ndi ndowa m'dziko la eni.

Achimwene a ku Dzivarasekwa: A Mbewe, inu mwakhala kuno kuyambira nthawi ya ulamuliro wa Ian Smith, malo anuwo munagula liti?

Bambo Mbewe: Iwe mwana, ulemu. Ine ndalima m'mapulazi a ku Mazowe iwe usanabadwe.

NaBanda: Vuto ndi mnzanuyo. Munthu wothira madzi a sopo pambewu ya mnzake mtima wake si wabwino. Samukani, mudzandithokoza.

Alangizi opuma: Ngati mukuthira manyowa a nkhuku ambiri kapena feteleza wa AN, lekani, zimenezo zimangochulukitsa masamba. Komanso duwa lake limakhala tsiku limodzi lokha, ndipo mungu wake ndi wolemera, mphepo siunyamula. Amanyamula ndi mabemberezi ndi njuchi. Ngati sizifika kuseriko, tengani nthenga, mukhudze timitu tachikasu ta mungu kenako mupake pa timitu titatu tapamwamba. Zipatso munagulazo zinali zofiirira kapena zachikasu? Zachikasu kawirikawiri zimafuna mungu wa mtengo wina.

Bambo Mbewe: Nthenga! Munthu wamkulu azikayenda ndi nthenga ngati sing'anga? Makolo athu sankachita zimenezo koma ankadya.

Mai a Tadala: A NaBanda akunena zoona, inenso wanga woyandikana naye ndi yemweyo.

NaPhiri wa ku Highfield: Mayi, simunandiyankhe za mabowo. Nanga kuseriko dzuwa limafika maola angati? Kutentha kwa mu Okotobala kuno ndowa yaing'ono imauma pofika masana, maluwa n'kugwa.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mnzanga uja lero wayanika bulangete pawaya pomwepo, nthambi ziwiri zathyoka. Ndikauze eni nyumba kapena ndingomusiya?